Mawatsi 5000 a pa katoni

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a m'tauni amene mumawerenga zolemba zangazi mukaweruka kuntchito, lero sindikamba za fetereza kapena mtengo wa soya. Mavenda apumeko kaye. Ndikufuna tikambirane za zoimbira, makamaka kabokosi kaja kamene kamakhala pakati pa foni ndi masipika, kamene anyamata amangoti ampu, ife achikulire n'kumati ampulifaya. Ena mwaseka kale kuti mkuluyu nkhani zamuthera. Werengani kaye. Nkhaniyi ndi ya maliro athu, maukwati athu, ndiponso ya mwana wa mlongo wanga amene wayamba kufunsa mtengo wa pasipoti.

Zoimbira si zachilendo kuno ku Mchinji. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira magumbagumba amene azibambo ankabwera nawo kuchokera ku Joni ndi ku Halale. Munthu akatsika basi pa boma, katundu woyamba kumusamala sichinali chikwama cha zovala ayi, inali gumbagumba, yokutidwa m'bulangete ngati khanda. Panali mawayilesi a Supersonic opangidwa ku Bulawayo, panalinso athu a Nzeru a ku Blantyre. Zinthu zimenezo zikafa sizinkatayidwa kudzala. Pa msika uliwonse, kaya pa Kamwendo, pa Waliranji, pa Kapiri kapena pa Mkanda, pankapezeka mkulu wina wa magalasi okhuthala atakhala pakhonde la sitolo, chitsulo chake chowotcherera chili pa mbaula, akukonza. Ndipo ankakonzadi, chifukwa kachipangizo kamene wagula kankakhala kenikeni. Pakalembedwa dzina la kampani, ndiye kuti ndi kampani yomweyo.

Lero nyimbo zili m'foni ndi m'memore. Koma foni payokha imamveka kwa anthu atatu okhala pa mkeka umodzi. Midzi yathu yakula. Pa maliro a masiku ano pamasonkhana anthu a midzi khumi, ena owoloka kuchokera tsidya la Zambia, pajatu malirewa anadula pakati pa mbumba zathu osatifunsa. Amfumu athu akalamba, mawu awo safika ngakhale pa mtengo wa mango wachiwiri. Ndiye taganizani munthu wayenda mtunda wautali pa njinga, wapereka chipepeso chake, dzina lake lawerengedwa koma iye sanalimve. Amabwerera ali ndi chotupa mumtima, ndipo mawa lake mumamva kuti akuti a pa siwa anadya ndalama yake. Milandu yotere ndinakhalapo pa bwalo n'kuimva ndi makutu angawa. Chimkuzamawu pa maliro si chionetsero. Ng'oma za gule sizifuna batire, ingoma ya Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni imadzimvekera yokha ndi miyendo ya amuna, koma mbiri ya malemu yowerengedwa ndi mdzukulu amene mawu atha ndi kulira imafuna chothandizira.

Kwa zaka zingapo chimkuzamawu tinkachita kubwereka kutali, cholipira pamodzi ndi jenereta yake, mafuta ake, ndi chakudya cha anyamata awiri ochiperekeza. Zinasintha pamene mwana wa mlongo wanga anayamba kupanga zakezake.

Mnyamatayu analekeza Fomu 2 bambo ake atamwalira. Ine monga malume wake ndinamupatsa ndime ya mtedza, ndipo amalima ndithu, koma mtima wake uli pa mawaya. Anayamba n'kutchaja mafoni pa sola, kenaka kukonza matochi ndi tima wayilesi. Usiku, bando ya intaneti ikatsika mtengo, amakwera pa chulu pamene netiweki imagwira n'kumakopera mavidiyo a amisiri a ku India ndi ku Indonesia. Chiyankhulo chawo sachimva, amangoyang'ana manja. Tonse timadziwa za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Iyenso anayambira pa kukonza mawayilesi. Ana otere alipo ambiri m'midzi muno, kungoti ena palibe amene anawajambula.

Ampu yake yoyamba anaipanga ndi kachipangizo kotchedwa IC kamene anazula m'wayilesi ya galimoto yakufa. Inkaimba bwino m'nyumba, koma pabwalo inkamveka ngati munthu wa chimfine. Nditamufunsa chifukwa chake anandiyankha ndi masamu, ndipo masamu amenewa ndikufuna nonse muwamve, chifukwa ndi pomwe ambiri tikuberedwa.

Anati, "Amalume, batire ili ndi mavolti 12." Mavolti, abale, osati mavoti a pa chisankho. "Sipika yathu ndi ya ma ohm 4. Ngakhale ampu ikhale yabwino chotani, ikamadya mavolti 12 okhawo popanda chowakweza, mawu oyera amene ingakankhire m'sipika imodzi sapitirira mawatsi 18 kapena 20. Kupitirira apo ndi kukhosomola basi." Ife a kudimba tizimve motere: batire ndi chitsime, ampu ndi pampu. Pampu ikhale yopakidwa penti yokongola, singatulutse madzi oposa amene paipi yake ikulola, ndiponso singatunge madzi amene m'chitsime mulibe. Koma mukawirikiza mavolti kuchoka pa 12 kufika pa 24, mphamvu siwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake aliyense wofuna ampu yamphamvu amayamba wasaka njira yokwezera mavolti. Ena amalumikiza mabatire awiri motsatizana. Ena amagwiritsa ntchito inveta ndi thiransifoma. Ena amapanga kadera kapadera kokhala ndi mphete yokulungidwa waya wa kopa, ngati kamene kamakhala m'maampu a m'galimoto.

Tsono apa ndi pamene pali mutu wa nkhani. Nzeru zopangira zonsezi mnyamatayu ali nazo. Bokosi la sipika amakhoma ndi kalipentala wa pamudzi pompano. Chitsulo choziziritsira amachipeza kwa anyamata osungunula aluminiyamu aja opanga miphika, kapena amadula zotsala za mafelemu a mawindo. Kafani amazula m'kompyuta yakufa. Sipika ikapsa amaikulunga yekha koyilo. Chimene sangapange ndi manja ake ndi mtima wa ampuyo, tizipangizo takuda tija ta miyendo itatu kapena khumi ndi isanu. Timeneto timachokera kutali, ndipo tikamafika kuno timakhala tadutsa m'manja ambiri.

Amisiri a kuno amadalira mitundu yowerengeka. Pali TDA2030, kakang'ono, ka m'nyumba. Pali TDA7294, kamene pa pepala la kampani yake amati kangafike mawatsi 100, koma kamafuna thiransifoma ya mbali ziwiri ndi mavolti ochuluka. Panali ma STK a kampani ya Sanyo, akuluakulu ngati bokosi la machesi awiri, amene ankakhala m'mawayilesi apamwamba akale. Mbali ya Sanyo yopanga zimenezi inagulidwa ndi kampani ina mu 2011, ndipo mitundu yakale ija inasiya kupangidwa, koma mudabwa kuti m'masitolo ikupezekabe yonyezimira ngati yatuluka dzulo. Dzifunseni nokha kuti akuipanga ndani. Ndiye pali ma transistor awiri otchuka a Toshiba, 2SC5200 ndi 2SA1943. Awa amagwira ntchito awiriawiri ngati ng'ombe pa goli, ina ikukankha ina ikukoka. Mukafuna mphamvu yambiri mumawonjezera magoli. Aliyense amene anayendetsapo ngolo akudziwa chimene chimachitika mukamanga nkhunzi yamphamvu pamodzi ndi kang'ombe kodwala. Ngolo imathera m'ngalande, ndipo yamphamvu ija ndi imene imathyoka mwendo.

Kuzipeza kwake ndi ulendo. Pa boma mungapeze mafiyuzi, mawaya, mtovu wowotcherera ndi tina ting'onoting'ono. Zazikuluzi muyenera kusankha: kum'mawa kapena kumadzulo. Kum'mawa ndi ku Lilongwe, makilomita oposa 100 pa msewu wa M12, n'kukayamba kuzungulira ku Malangalanga ndi tinjira ta kufupi ndi msika, sitolo ndi sitolo, kapepala ka manambala kali m'manja. Kumadzulo ndi ku Chipata, komwe kwa ife n'kufupi kuposa likulu la dziko lathu lomwe. Mukadutsa pa Mwami, pa chipata chatsopano chija chimene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022, mwafika kale, n'kukayang'ana ku Down Shops ndi ku Kapata. Chikasowa kumeneko amakuuzani kuti dikirani, chibwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Kale ku Chipata kunkatipepukira. Koma kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuyambira pamenepo ukasintha ndalama pa malire umabwerako ndi timapepala towerengeka, mtima uli fwaa. Anzathu a tsidya lino akabwera kudzagula soya ndi chimanga chathu amaona kutchipa. Ife tikapita kukagula kachitsulo kolemera ngati njere zitatu za mtedza timasiya ndowa yathunthu.

Ena amati nanga si pali ndondomeko ya COMESA ija yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa malire? Ilipodi, koma ndi ya katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'mayiko athu omwe ano, amene ali pa mndandanda wogwirizana. Tizipangizoti si ta ku Zambia kapena ku Malawi. Tambiri timachokera ku China, kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira kapena Nacala. Ena amati odani pa intaneti. Zoona, pa foni mnyamatayu amandionetsa mabolodi okongola, mtengo wake wooneka wochepa. Koma kuti ulipire pamafunika khadi la ku banki lolipirira kunja, pamafunika ndalama zakunja zimene ngakhale ogula mafuta ndi mankhwala akuzilira, pamafunikanso keyala. Keyala ya mudzi wathu ndi "mukafika pa mjigo mukhotere kumanzere".

Kudula kokha tikanapirira. Chopweteka ndi chinyengo. Alimi anzanga, mukudziwa mbewu ija ya chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto wobiriwira n'kuikidwa m'paketi yokongola. Mukudziwa thumba la fetereza losakaniza mchenga. Matenda omwewo analowa m'zipangizo za magetsi. Kunja kwa transistor kumalembedwa Toshiba, manambala onse ali bwinobwino, miyendo yonyezimira. Ukaiyeza ndi mita imaonetsa kuti ili moyo. Ukaiika m'ampu, n'kutsegula pang'ono, imaimba. Imadikira tsiku limene mwaidalira.

Tsiku lathu linali pa maliro a gogo wina wa mudzi woyandikana nafe, chaka chatha nthawi yokolola. Mnyamatayu anali atangomaliza ampu yaikulu ya magoli anayi, ma transistor asanu ndi atatu, ogulidwa pa sitolo ina m'tauni. Sinditchula sitoloyo kapena msewu wake. Ndalama yake inali ya mtedza wake wa chaka chonse, kuphatikizapo mbuzi imodzi imene mayi ake anamugulitsira. Usiku wonse kwaya inaimba pa siwa, mawu ali pansipansi, zonse zili bwino. Masana anthu atadzaza, dzuwa lili pamutu, anakweza kuti a kumbuyo amve. A mpingo anatsegula ndi pemphero, amfumu analankhula, ndipo mwana wa malemu atangoyamba kuwerenga mbiri ya mayi ake kunamveka phuu! Kautsi koyera, fungo la pulasitiki, sipika imodzi n'kungoti ng'ooo mpaka anazula waya. Mbiri yonse inawerengedwa pakamwa, anamva ndi a kutsogolo okha. Zopepesa anachita kufuula mnyamata wina atakwera pa ngolo.

Pa maliro anthu salankhula mokweza, koma manong'onong'o amayenda msanga kuposa chimkuzamawu. "Zopanga ana izi." "Akanangobwereka zenizeni." Wina mpaka anati mwina malemu akana. Mnyamatayu ananyamula katundu wake pa njinga osadya n'komwe nsima ya pa maliro.

Madzulo ake ndinamupeza kuseri kwa nyumba ali ndi pulayala ndi hamala. Anali ataswa ma transistor onse asanu ndi atatu, n'kuswanso imodzi yakale imene anaizula m'ampu ya tchalitchi ina yakufa. Anati, "Amalume, taonani." M'kati mwa yakale ija munali kagalasi konyezimira kotambalala bwino, kokhala pa chitsulo cha kopa chokhuthala. M'kati mwa zatsopano zija munali kadontho, kochepa kuposa njere ya mawere, komatidwa ndi zoyera ngati laimu. Transistor yeniyeni ya mtundu umenewu kampani yake imati imapirira ma ampeya 15 ndi kutentha kwa mawatsi 150. Kadontho kaja ngakhale theka sikangafike. Chikomekome cha mkuyu. Anabwerera nazo ku sitolo kuja, zoswekazo zili m'kapepala ka shuga. Anamuyankha kuti katundu wamagetsi sabwezedwa, ndipo mwina analumikiza molakwika ndi iyeyo. Thiransipoti yopita ndi kubwera inathera pa yankho limenelo.

Ine sindinena kuti wogulitsa aliyense ndi wakuba. Ambiri a iwo amagula m'makatoni kwa ena amene anagulanso kwa ena, ndipo sanaswepo n'imodzi yomwe kuti aone m'kati. Koma pamapeto pa mzere wonsewo pamaima mwana wa kumudzi amene wagulitsa mtedza, ndipo manyazi onse amagwera iye pamaso pa anthu a midzi khumi.

Kuchokera pamenepo anayamba kusaka zakufa m'malo mwa zatsopano. Ampu yakale ya m'ma 1990 imene yatayidwa m'galaja ku Area 25 kapena ku Kawale, kwa iye ndi chuma, chifukwa ngakhale mbali imodzi inapsa, zotsalazo ndi zenizeni. Thiransifoma ya mu UPS yakufa ya mu ofesi amaimasula n'kuikulunganso. Waya wa kopa nawonso wavuta, wina amene akugulitsidwa ndi aluminiyamu wongopakidwa mtundu wa kopa, ukaupala ndi mpeni umayera. Ndipo pali anthu ena amabwera madzulo ndi kopa wabwino kwambiri wotchipa modabwitsa. Ameneyo ndinamuletsa ndi mawu amodzi. Tonse timamva za mathiransifoma a magetsi amene akuphwasulidwa usiku, zipatala ndi zigayo n'kukhala mu mdima. Pakhomo pa mlongo wanga sipadzalowa waya wosadziwika kwawo.

Njira ina imene yayamba kuoneka ndi mabolodi opangidwa kale, amene amati Class D. Bolodi lonse ndi laling'ono ngati chikhatho, umangolumikiza batire, foni ndi masipika. Lotchuka ndi la TPA3116, la kampani ya Texas Instruments, limene limapereka mawatsi 50 mbali iliyonse likapatsidwa mavolti okwanira. Kwa ife a sola ubwino wake ndi waukulu. Maampu akale aja pafupifupi theka la moto wa batire amaliwononga n'kutentha, n'chifukwa chake amafuna chitsulo chachikulu ndi fani. Awa pa magawo khumi a moto, pafupifupi asanu ndi anayi amasanduka mawu. Tiwerengere limodzi. Batire ya 100Ah ya mavolti 12 imasunga mawatsi 1200 a ola limodzi, koma batire ya asidi ukamaikama kupitirira theka siikhalitsa, ndiye tinene 600. Ampu yodya mawatsi 100 idzaimba maola 6. Yodya 60 pa phokoso lomwelo idzaimba maola 10. Kusiyana kwake ndi kwakuti kwaya ifika m'bandakucha kapena ithera pakati pa usiku.

Koma nawonso ali ndi minga yake. Pa batire imodzi bolodi limeneli limangopereka timawatsi tija ta masamu a poyamba. Limafuna mabatire awiri otsatizana, ndipo malire ake ndi mavolti 26. Mabatire awiri akamatchajidwa ndi sola masana amakwera kupitirira 28, ndiye ukaimba uku akutchaja, wadutsa malire ake ndipo ungathe kuliwononga. Likapsa silikonzeka ndi chitsulo cha pa mbaula, miyendo yake ndi yopyapyala ngati tsitsi. Ndipo achinyengo anafikanso kumeneko: pansi pa kachitsulo koziziritsira amabisa kachipangizo kena kotchipa, pa katoni n'kulemba dzina lenileni. Lilipo lalikulu lake, TPA3255, lofuna mavolti pafupifupi 48, limene lingakwanire bwalo lonse la sukulu. Limenelo mnyamatayu analiona pa foni pokha.

Tsopano ndilankhule ndi inu a m'tauni, ndipo musakwiye, mukudziwa kuti ndimakukondani. Mukabwera pa Khirisimasi kapena pa ukwati mumatibweretsera zoimbira zogula m'masitolo, zokhala ndi magetsi ofiira ndi obiriwira ovinavina, pa katoni atalemba 3000W, ena 5000W. Timalandira ndi manja awiri, ndipo mtima wanu timauona. Koma tembenuzani kabokosiko muone kumbuyo. Pali fiyuzi. Pa fiyuzipo palembedwa nambala, kawirikawiri 3A kapena 5A. Chulukitsani nambala imeneyo ndi 12. Fiyuzi ya 5A pa mavolti 12 ikutanthauza kuti moto wonse wolowa m'kabokosiko sungapitirire mawatsi 60, ukapitirira fiyuzi imaduka. Nanga 5000 ija ikuchokera kuti? Ikanakhala yoona, batire ya galimoto ikanauma musanamalize nyimbo zitatu, ndipo mawaya ake akanakhala onenepa ngati chala chachikulu. Nyamulaninso m'manja. Ampu ya thiransifoma yamphamvu zenizeni imalemera ngati mwana wa mbuzi. Ikapepuka ngati mtanga wopanda kanthu, m'kati mulinso chimodzimodzi. Pa shelefu ya mnyamatayu pali mabokosi otere asanu ndi limodzi, a mabanja osiyanasiyana, onse anafa isanathe miyezi itatu. Amangozulamo timabatani.

Ndalama imene mumagulira bokosi limodzi lotere ikanagula ma transistor enieni okwanira ampu yathunthu. Inu a ku Johannesburg ndi ku Cape Town muli pafupi ndi masitolo akuluakulu a zipangizo zamagetsi amene amagula mwachindunji ku makampani ndipo amapereka lisiti. Kaphukusi kake n'kochepa kuposa sopo, kangakwane m'thumba la jekete la aliyense wobwera pa basi. Inu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, m'maofesi mwanu ndi m'matchalitchi mwanu muli maampu ndi ma UPS akufa amene akungodya malo. Pemphani mwaulemu kwa eni ake, lembetsani kuti mwapatsidwa, mutitumizire. Musanagule kanthu imbani foni kuno, mnyamatayu akuuzeni nambala yake yeniyeni, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana ndi chinthu china.

Nanunso anansi anga a pamudzi pano, mawu anu ndi awa. Zoimbira za obwera kuchokera kutali munkalipira osanyinyirika, n'kuwaphera nkhuku. Mwana wa pakhomo pano akagwira ntchito yomweyo mumati "ndi wathu yemwe uyu", n'kumupatsa zikomo ndi mbale ya thobwa. Pa maliro sitikambirana, iye mwini ananena kuti pa zovuta salipiritsa, amangopempha kuti batire itchajidwe ndipo wina amuthandize kunyamula. Koma ukwati si zovuta. Chinkhoswe si zovuta. Mpira wa pa Sabata, msonkhano wa kalabu ya alimi, tsiku la zopereka ku tchalitchi, zonsezi zili ndi bajeti. Sipika ikapsa chifukwa woledzera wina wapotokola batani mpaka kumapeto, amalipira ndani? Pa phokoso la usiku ndili mbali yanu, inenso ndimafuna tulo, ndipo ndinamuuza kuti pa mchezo wa ukwati ikakwana 10 koloko atsitse, kuli odwala ndi ana a sukulu. Koma munthu amene mukumuuza kuti atsitse muzimulipiranso.

Anzake awiri amene ankakhala naye pa benchi yotchajira mafoni ali ku Joni. Amamutumizira zithunzi atavala majekete, n'kumamuuza kuti kumeneko munthu wodziwa mawaya sagona ndi njala. Sanama kwenikweni. Koma sitimva zonse za kumeneko, ndipo mabokosi amene timalandira pa Mwanza ndi pa Dedza si a zoimbira okha. Mayi ake sagona. Anabwera kwa ine m'mamawa wina n'kunena kuti, "Achimwene, mwana wanuyu mukamuleka apita." Pa mwambo wathu mbumba ndi yanga, ndiye ndinamuitana. Sindinamuletse, ndi wamkulu. Ndinangomufunsa chimene chingamusunge. Sanatchule njinga yamoto kapena malata. Anati, "Amalume, ndikanangopeza poti ndizigula zinthu zenizeni, osamachita manyazi pa anthu, ine kuno sindikuchokako. Ntchito ilipo yambiri kuyambira pano mpaka ku Mkanda."

Ndiye tagwirizana chonchi. Ndagulitsa matumba awiri a soya amene ndinasungira mbewu ya fetereza wa chaka chino, mai a kunyumba akudziwa ndipo avomera, ngakhale anayamba akhala chete tsiku lathunthu. Ukwati wa mwana wa amfumu uli mwezi wa mawa, ndipo amfumu anena pamaso pa anthu kuti zoimbira zidzakhala za mnyamata yemweyu, osati zobwereka. Ampu imene ikufunika ndi ya magoli anayi ngati ija inapsa. Bokosi lilipo, thiransifoma wakulunga kale, masipika awiri akonzedwa, wachitatu akudikira guluu.

Loweruka likubwerali tikuwoloka limodzi kupita ku Chipata, ine ndi iye. M'thumba mwanga muli pulayala ndi kahamala. Pa sitolo iliyonse tidzagula transistor imodzi, tidzalipira, ndipo tidzaiswa pakhonde pomwepo mwini sitolo akuona. Ikakhala ya kadontho tidzatsanzika mwaulemu n'kupita pa ina. Ikakhala yeniyeni tidzagula zisanu ndi zitatu za m'katoni yomweyo, ndi zina ziwiri zapadera. Zikakanika ku Chipata, Lachiwiri tili pa minibasi ya ku Lilongwe. Amene muli ndi ampu yakufa m'nyumba, kaya UPS, kaya wayilesi yakale ya ma STK, lembani m'munsimu kapena munditumizire uthenga Lachisanu lisanafike, kuti tidziwe poyambira. Mafomu a pasipoti aja akadali m'Baibulo la mayi ake, sanawalembe.